Anandinamiza ndi Manja Awiri

Mtendere utabwera: Entre Lagos

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Mwana aliyense anadyapo dothi, palibe nkhani pamenepo. Za ku kampu ku Malawi amayi anu anakuuzani kale, anawonjezeranso zina. Ine ndiyambira tsiku limene ndinalembedwa ntchito pa alimazeni ya kampani yogula mbewu ku Entre Lagos, nyumba yaikulu yosungiramo matumba pafupi ndi sitesheni ya sitima. Dzina la kampaniyo sindilemba, chifukwa eni ake analisintha kangapo ngati munthu wothawa mlandu.

Tinali titangobwerako nkhondo itatha, amuna khamukhamu pa geti kufuna ntchito yonyamula matumba. Shefi, ndiye kuti kapitawo wa pamenepo, anali Alibano, kamunthu kakafupi ka mawu ngati udzudzu. Anayesa kutiuza kuti tiime pamzere, palibe anamva. Ine ndinangotsegula kukamwa kamodzi: "Mzere!" Ana anga, ngakhale mbuzi zimene zinali pa njanji zinaima bwino. Alibano anandiloza nati, "Iwe, dzina?" Ndinati, "Jemusi Likapa, ndipo si iwe, ndi inu." Anaseka, nandilemba. Matumba ndinanyamula pang'ono chabe. Anaona kuti mawu anga akuwonongeka pansi pa thumba, anandipatsa ulonda ndi makiyi a pa geti.

Chaka chomwecho Alibano anapita kumaliro ku Cuamba kiyi wa alimazeni ali m'thumba mwake. Magalimoto anabwera ndi mpunga, mvula nayonso inabwera, ife tili panja kuyang'ana loko. Tinathyola chitseko ndi nkhwangwa, ndipo masiku amenewo loko watsopano umachita kukamufuna ku Nayuchi, kutsidya la malire, mwinanso osamupeza. Alibano atabwerako ndinamuuza malamulo anga awiri, amene ndinayenda nawo mpaka kupuma ntchito. Loyamba: chilichonse chotseka chikhale ndi makiyi awiri, wina kwa mwini ntchito, wina kwa Likapa, chifukwa munthu amapita kumaliro, munthu amadwala, munthu amagwetsa kiyi m'chimbudzi. Lachiwiri: kiyi wosayesedwa ndi chitsulo chabe. Loweruka lililonse m'mawa ndinkayenda loko ndi loko, kulowetsa kiyi, kupotokola, kupaka mafuta ndi nthenga ya nkhuku. Mafuta a maloko kunalibe, ndinkatapa ophikira a amayi anu, ndipo nkhani imeneyo sinathe mpaka lero.

Zaka za ku Chiuta

Atatsegula malo ogulira mpunga m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, anatumiza ine. Kumeneko dzimbiri limadya loko uli kuyang'ana. Shefi wa kumeneko, Mateyu, ankakonda kukwera bwato ataledzera, ndipo makiyi ake ambiri ali pansi pa nyanja mpaka pano, milamba ikutsegulira nyumba zake. Koma alimazeni sinakhalepo yotseka nthawi ya ntchito, chifukwa Likapa analipo.

Chimene ndikufuna mukumbukire cha ku Chiuta ndi mayi wina woumitsa nsomba, Abiti Saidi. Chaka china kunagwa njala, msewu unaduka, ine ndili ndekha kutali ndi kwathu. Mayi ameneyo ankanditumizira nsomba zouma ndi chinangwa osandifunsa kanthu. Ndikapita kukathokoza ankati, "Che Likapa, ingochepetsani mawu, mukudzutsa mwana." Mwanayo anali kumbuyo kwake, dzina lake Amina.

Insaca, chaka cha makompyuta

Ndinamalizira ku ofesi yaikulu ku Insaca, tsitsi litayera, makiyi atachuluka mpaka lamba ankapendekeka. Kumeneko ndinapeza a Benedito owerengera, mayi Felisita olandira alimi, ndi ena a m'maofesi. Kenako analemba mtsikana wapakompyuta, wovala mpango bwinobwino, ndipo atanena kwawo ndinakuwa mpaka mlimi wina anagwetsa njinga: anali Amina wa Abiti Saidi, atamaliza sukulu. Ndi iye yekha m'banja mwawo amene anakhalapo pampando wa ofesi. Tsiku limene anayamba, mayi ake anatumiza nsomba kwa ogwira ntchito onse.

Wamkulu wathu anali a Diretori Kosita, ochokera kutali kumunsi. Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Sabata yawo yoyamba anandiitana nati, "A Likapa, pano si pamsika." Ndinayankha kuti ndikudziwa, pamsika ndimakweza mawu. Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni wa mano.

Ndiye anabweretsa dongosolo latsopano. Makompyuta onse analumikizidwa ku kompyuta yaikulu ya kampani ku Nampula, ndipo aliyense anapatsidwa senya, ndiye kuti mawu achinsinsi amene umalemba pansi pa dzina lako kuti makina akutsegulire. A Diretori anaima pamsonkhano nati, "Senya ndi ya munthu mmodzi. Osapatsa mnzako, osapatsa mkazi wako. Wopereka senya achotsedwa ntchito." Ine ndinamva, ndinagwedeza mutu, chifukwa ndi zoona, kiyi sapatsa aliyense. Koma Likapa si aliyense. Ndinaganiza za Alibano ndi mpunga wonyowa uja. Benedito akapita kumaliro ndi senya yake m'mutu, tidzathyola chiyani ndi nkhwangwa?

Ndinadula katoni ya sopo tizidutswa, ndinaboola, ndinayamba ndi Benedito. Ndinati, "Lemba apa senya yako." Iye anayamba kupukuta magalasi. "A Likapa, lamulo likuti..." Ndinati, "Lamulolo linabadwa liti? Iwe ndinakuona ukubwera pano ndi nsapato zobwereka. Kabati yako ndani amasunga kiyi wina? Chinasowapo chiyani?" Anayang'ana pansi, analemba, anaimirira, anandipatsa ndi manja awiri. Mayi Felisita analemba akupinda mawondo. Ena onse chimodzimodzi, ulemu wokhawokha. Amina anachita kugwada pansi, nati, "Landirani, agogo." Mtima wanga unasungunuka. Ndinati m'dziko muno ulemu ukadalipo.

A Diretori ndinawasiyira komaliza, nditakonzeka nkhondo. Ndinawapeza ali pa foni. Ndinayamba kufotokoza za Alibano kuchokera pachiyambi, ndi mawu anga onse. Anatseka khutu limodzi ndi chala, sizinathandize. Analanda kakatoniko, anakhwatcha, anandiponyera ndi dzanja lamanzere, nati, "Tengani, tulukani, mutseke chitseko!" Kakatoniko ndinachita kukatola pansi. Ndinatuluka ndikunena mumtima kuti munthu uyu sanaleredwe.

Loweruka linafika, tsiku loyesa. Amina ankabwera Loweruka m'mawa kudzatchaja mafoni a abale ake chifukwa ku ofesi magetsi sankavuta, kenako ankapita kumsika kompyuta yake ili yoyaka, pafupi ndi khomo. Nditamaliza maloko achitsulo ndinakhala pampando wake. Musaiwale kuti zilembo ndimazidziwa, ndinaziphunzira ku sukulu ya kwacha ku kampu. Sindithamanga nazo, koma sizindithawa. Maina a anthu anali pagalasi. Ndinasankha Benedito, ndinafufuza zilembo chimodzichimodzi ndi chala ichi. Makina anakana. Ndinabwereza, ndikudina mwamphamvu. Anakana. Loko wouma amafuna kulimbikira, ndiye ndinalimbikira mpaka panatuluka mawu ofiira a Chipwitikizi. Ndinapita kwa Felisita, zomwezo. Amina mwini wake, zomwezo. Onse! Kenako ndinayesa ya a Diretori, ndipo inatseguka ngati chitseko cha tchalitchi. Sindinakhudze kanthu, woyesa loko salowa m'nyumba. Ndinazimitsa, ndinati basi ndaona: kampani yagulira wamkulu loko wabwino, ana a eni yawagulira maloko a pamsika. Ndinatsimikiza kuwayesa Loweruka lililonse mpaka afewe.

Lolemba kunali chipwirikiti. Aliyense akalemba senya yake makina ankakana, kupatula a Diretori. Anaimba foni ku Nampula, anawatsegulira. Lolemba lotsatira, zomwezo. Linalo, zomwezo, alimi ali pamzere panja ndi matumba awo. Benedito ankati ndi mvula. Wina ankati ndi sitima, ikamadutsa imagwedeza mawaya. Mayi Felisita anati ndi ogula mbewu anzathu a kutsidya kwa msika, ndipo anawaza mchere pakhomo. Ine ndinathandiza nawo kukalipira makinawo. Musandiseke. Ndani anaonapo loko wokana mwini wake Lolemba chifukwa anayesedwa Loweruka? Achitsulo sachita mwano umenewo.

Tsiku la tekiniko

Kampani inatumiza tekiniko, katswiri wa makompyuta. Tinkayembekeza chimunthu cha ndevu, koma pa shapa, minibasi ya ku Cuamba, panatsika kamayi kowonda, Dona Selesite, ndi kachikwama. Chinyanja ankachidziwa. Anatisonkhanitsa tonse, ine nditaima pakhomo, natsegula kompyuta yake.

Anati, "Makina sakana munthu popanda chifukwa. Dzina likakanidwa kangapo motsatizana, amalitsekera, poopa wakuba. Ndipo kompyuta ya ku Nampula siiwala. Aliyense akagogoda, imasunga: dzina liti, pa makina ati, tsiku liti, anatsegulidwa kapena anakanidwa." Anatisonyeza pagalasi, mizere yochuluka ngati mpunga pamphasa. Benedito anafunsa ngati awerenga yonseyo. Iye anati, "Ayi, ndimapeta. Ndimaifunsa, imandiyankha." Analemba pang'ono nati, "Ndaiuza kuti ichotse onse amene anatsegulidwa, indisiyire okanidwa okha." Mizere inachepa. "Munthu mmodzi kukanidwa kamodzi si nkhani, ndi kuiwala. Mwachitsanzo a Benedito awa, m'mawa mwake mwa tsiku la tchuthi." Anthu anaseka, Benedito anapukuta magalasi. "Tsopano iwaunjike potengera dzina." Panatuluka maina a ofesi yonse, lililonse ndi mulu wake. Kuseka kunachepa. "Tsopano potengera makina." Milu yonse ija inasanduka mulu umodzi. "Potengera tsiku." Loweruka lokhalokha, m'mawa.

Dona Selesite anatembenuka nati, "Anthu ambiri sangaiwale pa mpando umodzi tsiku limodzi. Uyu ndi munthu mmodzi akuyesa maina a anzake onse. Makina awa amakhalapo ndani?"

Onse anayang'ana Amina.

A Diretori anati, "A Likapa, Loweruka amabwera ndani pano?" Zaka zonsezo munthu uyu anali asanandifunsepo kanthu pagulu. Ndinatukumula chifuwa ndikuyankha mpaka malata analira: "Amina, ndi ine, basi!" A Diretori anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. "Inu ayi, madala. Tikunena za kompyuta." Anthu anasekanso pang'ono.

Dona anati pali funso lomaliza: mwa maina onsewo, kodi lilipo limene linatseguka? Analemba. Linalipo limodzi, Loweruka lililonse: Kosita. Mpaka nthawi imeneyo ndinkamvera ngati nkhani ya wakuba wina wolimba mtima. Koma onse kukana, ya a Diretori yokha kutseguka, nyimbo imeneyo ndinkaidziwa.

A Diretori anaimirira nkhope itatupa. M'dzina lawo munkakhala mitengo imene kampani idzagulire mbewu, chinsinsi chachikulu, ndipo aliyense ankadziwa kuti Amina ali ndi amalume ake ogula mpunga ku malire. Anati, "Amina, longedza zako. Ndikabwera kokadya udzasayina kalata." Mwanayo anati, "Sindinachite, a Diretori," mawu osamveka n'komwe.

Ana anga, lembani penapake: tsiku limenelo bambo anu anakhala chete. Ndinatuluka, ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Kupuma ntchito kunali pafupi. Mlonda wolowa m'dzina la a Diretori samupatsa mwambo wotsanzikana, amamutulutsa pa geti ana akuonerera, ndipo ine ndinali nditauza kale Insaca yense za suti imene ndidzavale. Palibe ankandiganizira. Ndikanangosoka pakamwa, nkhani ikanakwera shapa ndi Amina kupita ku Chiuta.

Amina anatuluka ndi kajumbo, muli kapu yake ndi matchaja a abale ake. Anandiona, anabwera, anagwada monga mwa masiku onse. Anati, "Agogo, ndikawauza chiyani amayi? Kumudzi konse amati ndine wa ku ofesi. Amva kuti ndine wakuba." Sanalire mokweza, misozi inkangotsika yokha.

Anthu amati ndinadzuka chifukwa cha chifundo. Chifundo chinalipo, ndipo nsomba za Abiti Saidi zinali zikadali m'mafupa mwanga. Koma sindikubisirani, mawu aja akuti "inu ayi, madala" nawonso ankandiluma ngati linthumbu. Ntchito ndagwira ine ndi chala changa, Loweruka ndi Loweruka, ulemu wake apatse mwana?

Ndinati, "Siya jumboyo, nditsate."

A Diretori anali atangobwera, kalata ili patebulo, anthu onse ali m'makomo kusuzumira. Ndinalowa osagogoda. Ndinamasula chingwe cha tizikatoni pa lamba, ndinachimenyetsa patebulo. "Wakuba wanu ndi uyu! Ndipo si wakuba, ndi woyesa maloko, ndipo maloko anu ndi oola!" A Diretori anati, "A Likapa, musamuikire kumbuyo mtsikanayu. Inu simudziwa ngakhale poyatsira." Dona Selesite anangondikokera mpando wa Amina. Ndinakhala. Ndinasankha dzina la Kosita. Ndinayang'ana kakatoni, ndinayamba kusaka zilembo. Chilembo china chinandibisalira nthawi yaitali, mayi Felisita anafuna kundilozera, ndinati, "Chotsani chala, mayi!" Ndinadina komaliza. Inatseguka.

Ndinatembenuka kuyang'ana a Diretori. "Madala uja ndi ameneyu."

Dona anatola tizikatoni, akuwerenga kamodzikamodzi. Anaonetsa Benedito kake. "Iyi ndi senya yanu?" Benedito anati, "Ayi, Dona." "Nanga munalemberanji?" Anayang'ana nsapato zake. "Munthu wamkulu sungamukanize, Dona. Ntchitonso sungaitaye. Ndiye ndinangolemba zina." Ndinati, "Wati chiyani?" Dona anafunsa Felisita. Felisita anati, "Ine ndimati ndine ndekha ndachita zimenezo. Ndimati angokoleka pa lamba ngati zithumwa." Wina ndi wina, onse chimodzimodzi, aliyense ankaganiza kuti wanama yekha, ndipo palibe analotapo kuti Likapa angakhale pa kompyuta. Ndinatembenukira kwa Amina. "Iwenso?" Anagwada. "Agogo, kukana ndinaopa, kupereka ndinaopa."

Ana anga, mawu amene ndinatulutsa pamenepo anawamva ku chipatala. "Nonse! Ndi manja awiri! Mukupinda mawondo! Ine n'kumatupa chala Loweruka lililonse, n'kumanyoza kampani kuti yakuguliranni maloko a pamsika!" Dona Selesite anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anati, "Pepani, a Likapa, koma anthu onsewa anasunga lamulo. Mu ofesi muno munthu mmodzi yekha ndi amene anapereka senya yake yeniyeni."

Palibe anayang'ana a Diretori. Aliyense anapeza chinthu china choyang'ana, wina denga, wina kalendala. Ine ndinawayang'ana. Munthu wosaleredwa uja, woponya ndi dzanja lamanzere, ndi iye yekha amene sanandinamize.

A Diretori anafunsa motsitsa mawu kuti lipoti lopita ku Nampula linena chiyani. Dona anati, "Linena zimene makina anena. Mukachotsa Amina, andifunsa umboni, ndipo ulibe. Mukachotsa a Likapa, andifunsa kuti senya anawapatsa ndani." A Diretori anasisita chipumi. Kenako anatenga kalata ija, anaipinda, anaiika m'thumba. "Amina, bwerera pampando wako. Ndinafulumira, pepa." Anatsokomola. "Dona, lembani kuti kunali kuyesa chitetezo, kolamulidwa ndi ine, kochitidwa ndi a Likapa, ndipo ogwira ntchito anakhoza." Dona anafunsa, "Nanga amene sanakhoze?" Iwo anati, "Lembani kuti walonjeza kusintha."

Tizikatoni anatiwotcha kuseri kwa ofesi tsiku lomwelo, a Diretori anasintha senya yawo, ndipo Dona anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti kiyi wachiwiri wa zinthu zimenezi amakhala ku Nampula, munthu akapita kumaliro amatsegula kumeneko. Ndinamuuza kuti akananena kale, komanso kuti akauze a ku Nampulawo aziyesa Loweruka. Benedito ndi anzake sindinawayankhe moni mpaka mpunga unatha kugulidwa. Anachita kubwera kunyumba ndi tambala, amayi anu ndi mboni. Ndinalandira, koma ndinawauza kuti amudule ndikuona, chifukwa zolandira ndi manja awiri ndinasiya kuzikhulupirira.

Amina anakhala pampando wake, ndipo mayi ake sanamve za kajumbo kaja mpaka mwanayo atakwezedwa. Ndiye mukamva anthu akunena pamsika wa Insaca kuti bambo anu anathyola kompyuta ya kampani, muziwayankha mokweza, monga ana a Likapa. Sindinathyole kanthu. Ndinagogoda pa zitseko zonse, kunja kutayera, ndipo chimodzi chokhacho chimene chinatseguka, ananditsegulira ndi mwini wake.